Mafunso Anu: Za M'mafoni, Chisankho ndi Makina a AI

Makalata ambiri amene afika ku ofesi yathu kuno ku Lusaka mwezi uno akukhudza zimene anthu akulemba, kujambula ndi kutumizirana m'mafoni pamene dziko la Zambia likuyandikira chisankho cha pa 13 Ogasiti 2026. Makalatawo tawafupikitsa, ndipo monga mwa mwambo wa tsamba lino, mayina a olemba tawasunga.

*A Mkonzi, m'gulu lathu la pa WhatsApp la amayi a chilimba mwabwera uthenga wamawu womveka ngati mtsogoleri wina wa chipani akunyoza ife anthu a kum'mawa. Liwu ndi lake ndithu, chifukwa ndimamumva pa wailesi. Mwana wanga akuti ndi zopangidwa ndi kompyuta. Kodi makina angalankhuledi ndi liwu la munthu?*
Mayi wa ku Chawama

Mayi, mwana wanu akunena zoona kuti makina otere alipo. Mapulogalamu a AI (nzeru zopangidwa pa kompyuta) otsanzira mawu amangofuna kachidutswa kochepa ka zimene munthu analankhulapo, ndipo akakamvetsera amaphunzira mmene liwu lake limakwerera ndi kutsikira, liwiro lake ndi katchulidwe kake. Zikatero wina amalemba chiganizo chilichonse chimene akufuna, makinawo n'kuchilankhula m'liwu lija. Andale ndiwo osavuta kuwatsanzira, popeza mawu awo ali mbwee pa wailesi, pa YouTube ndi m'mavidiyo a misonkhano. Kudziwa kwanu liwu la mtsogoleriyo ndi kumene wopeka bodza amadalira kuti mukhulupirire msanga.

Zimenezi zachitikapo kale. M'dziko la Slovakia mu Seputembala 2023, kutatsala masiku awiri kuti anthu aponye voti, kunafalikira uthenga wamawu wopeka umene unkamveka ngati mtsogoleri wa chipani china, Michal Šimečka, akukambirana ndi mtolankhani za kubera chisankho. Unatuluka pa nthawi imene lamulo la kumeneko limaletsa kampeni, moti kuutsutsa poyera kunali kovuta. Mu Januwale 2024, anthu a m'chigawo cha New Hampshire ku America analandira mafoni a liwu lofanana ndi la Joe Biden, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, lowauza kuti asapite kukavota pa chisankho chachipulula, ndipo amene anakonza zimenezo anagamulidwa chindapusa cha madola 6 miliyoni. Kuno kwathu, mu 2023 kunayenda vidiyo yoonetsa pulezidenti Hakainde Hichilema ngati akulengeza kuti sadzaimanso mu 2026, ndipo atolankhani ofufuza nkhani anapeza kuti inali yopeka.

Komabe musathamangire kunena kuti mwana wanu wapambana mkanganowu. Khutu lokha silingagamule mlandu wotere, kaya ndi lanu kapena lake. Pali chinyengo china chakale ndiponso chotchipa chimene sichifuna AI n'komwe: kudula mawu enieni pakati, kuchotsa chiganizo chimene chinatsogola, kapena kutenga zimene munthu analankhula zaka zisanu zapitazo n'kuzipatsa tsiku la dzulo. Palinso vuto lina limene ine ndimaliopa kwambiri, loti wandale amene wajambulidwadi akutukwana tsopano ali ndi pothawira, amangoti ndi za AI, omutsatira n'kuvomera. Ku Gabon, pulezidenti Ali Bongo atadwala sitiroko mu 2018, boma linatulutsa vidiyo yake ya uthenga wa chaka chatsopano. Anthu ambiri anakayika kuti inali yopeka, ndipo pa 7 Januwale 2019 asilikali ena anayesa kulanda boma akutchula vidiyo yomweyo ngati umboni woti mtsogoleriyo sangathenso kulamulira. Kukayikira chinthu chenicheni kungathe kuononga mofanana ndi kukhulupirira chinthu chopeka.

Funso limene lingakuthandizeni ndi la kumene uthengawo wachokera. Mtsogoleriyo analankhula kuti, tsiku liti, pamaso pa yani? Ngati unali msonkhano wa poyera, panali mafoni mazanamazana ndi atolankhani, choncho payenera kukhala vidiyo ina yojambulidwa kuchokera mbali ina, kapena lipoti la nyuzipepala. Uthenga umene ulibe malo, ulibe tsiku, ndipo aliyense akuti anangoulandira kwa mnzake, ndi uja akuluakulu ankati kandimverere anakanena za m'maluwa. Yang'ananinso pamwamba pa uthengawo: WhatsApp imaika timivi tiwiri pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 uthenga wotero umatumizidwa kumalo amodzi okha pa nthawi imodzi, pofuna kuchepetsa liwiro la mphekesera. Mungathenso kuona ngati ofufuza nkhani zabodza, monga a iVerify Zambia, a Africa Check kapena a AFP, anaufufuzapo kale.

Pomaliza, onani kuti uthengawo wasankha kukhudza mtundu wanu. Opeka mabodza amadziwa kuti mkwiyo umathamanga. Ofufuza a ku yunivesite ya MIT anasindikiza mu 2018 zimene anapeza pa Twitter, zoti nkhani zabodza zinkafika kwa anthu 1,500 mofulumira pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa nkhani zoona, ndipo ofalitsa kwambiri anali anthu wamba. Uthenga ukakupsetsani mtima pa masekondi khumi oyamba, dikirani kufikira mawa musanautumize kwa wina.

*A Mkonzi, mu 2021 masamba a Facebook anayamba kulengeza wopambana usiku womwewo wa voti, pamene bungwe loyendetsa chisankho la ECZ linatenga masiku. Ngati zotsatira zili kale m'foni, tidikiriranji? Kodi kuchedwako si nthawi yobera?*
Mnyamata woyendetsa minibasi, Kanyama

Achimwene, mavoti amawerengedwa pamalo pomwe aponyedwera, pamaso pa oimira zipani ndi oyang'anira chisankho. Akatha kuwerenga, zotsatira zimalembedwa pa fomu imene oimira zipani amasainira, ndipo pepala lake limamatidwa panja kuti aliyense aone. Kuchokera pamenepo zimapita kumalo owonkhetsera a dera la phungu, kenako za upulezidenti zimalengezedwa ku Mulungushi International Conference Centre. Chithunzi cha pepala la pasukulu ina ku Kanyama chingakhale choona ndithu, koma mu 2021 malo oponyera voti anali oposa 12,000 ndipo olembetsa anali oposa 7 miliyoni. Zotsatira za m'matauni monga Lusaka ndi Kitwe zimafika msanga, pamene za ku Shang'ombo, Chama kapena Kaputa zimayenda ulendo wautali. Tsamba la chipani limasankha mapepala a kumene chipanicho chili ndi mphamvu, ndipo lingakunamizeni popanda kusintha nambala ngakhale imodzi.

Kumbukirani kuti kuyambira mu 2016 wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse ovomerezeka. Chaka chimenecho a Edgar Lungu anapambana ndi 50.35 peresenti, kutanthauza kuti madera ochepa omaliza akanatha kusintha nkhani yonse. Mu 2021 kusiyana kunali kwakukulu, mavoti oposa 2.8 miliyoni a a Hichilema ndi oposa 1.8 miliyoni a a Lungu, ndipo zotsatira zinalengezedwa pa 16 Ogasiti. Amene analosera molondola usiku woyamba anathandizidwa ndi kukula kwa mpatawo.

Kukayikira kwanu sindikukunyoza, chifukwa chisankho chimaberedwadi. Koma chimene chimagwira wakuba ndi pepala losainidwa. Ku Malawi, khoti linafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, ndipo umboni waukulu unali mafomu a zotsatira amene anafufutidwa ndi Tipp-Ex. Kuno, bungwe la matchalitchi la CCMG limatumiza oyang'anira kumalo osankhidwa mwa ndondomeko m'dziko lonse n'kuwerengera palokha, kuti zimene ECZ yalengeza zikhale ndi poyerekezera. Ngati mukufuna kuteteza voti yanu, jambulani pepala la pamalo panu, lionetse dzina la malowo ndi masaini.

Ndinenenso kuti kutseka intaneti si mankhwala a mphekesera. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la voti, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinasiya kugwira ntchito bwino m'dziko muno, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita kukhoti lalikulu la Lusaka, limene linalamula bungwe loyang'anira mafoni ndi intaneti la ZICTA kuti litsegule. M'maola amenewo anthu sanasiye kulankhula, anangosowa pofunsa, ndipo aliyense anayamba kuganiza kuti pali chimene chikubisidwa.

*A Mkonzi, mu WhatsApp yanga muli kabwalo kabuluu kamene kamayankha mafunso. Ndingakafunse za tsiku la voti ndi munthu woyenera kumuvotera?*
Telala wa ku Mtendere

Kabwalo kameneko ndi Meta AI, imene inafika ku Zambia ndi ku Malawi mu Epulo 2024. Iyo, monga ChatGPT imene inatuluka mu Novembala 2022, inaphunzitsidwa pa zolembedwa zochuluka zedi, ndipo imayankha posanja mawu amene akuoneka kuti ndiwo oyenera kutsatira. N'chifukwa chake imalankhula modzidalira ngakhale pamene yalakwitsa, ndipo ingakupatseni dzina, tsiku kapena nambala yopeka mosaphethira. M'chinenero chathu zolembedwa za pa intaneti n'zochepa, zambiri mwa izo n'za ku Malawi, choncho musadabwe ikakusakanizirani malamulo a chisankho a mayiko awiriwa. Ingakuthandizeni kufupikitsa chikalata chachitali cha malonjezo a chipani, bola chikalatacho muli nacho pafupi kuti muyerekeze. Za malo anu oponyera voti funsani ku ECZ. Malowo amatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo mudzafunika khadi lanu la voti ndi chitupa cha unzika cha NRC. Za woyenera kumuvotera, makinawo sagula ufa ku Mtendere ndipo sadziwa kuti magetsi amazima maola angati pamene inu muli ndi mayunifomu oti musoke.

*A Mkonzi, inu atolankhani mumakonda kutiuza kuti tisakhulupirire za pa intaneti, ngati kuti nyuzipepala ndi wailesi sizinama. Ine ndaona maboma anayi, ndipo wailesi ya boma imaimbira aliyense amene ali pampando. Pa Facebook ndi pokhapo pamene munthu wamba amayankhula. Mukuteteza malonda anu basi.*
Mphunzitsi wopuma ntchito, Chilenje

Aphunzitsi, mbali yaikulu ya kalata yanu ndikugwirizana nayo. Dandaulo loti wailesi ya boma ya ZNBC ndi nyuzipepala za boma za Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail zimakondera chipani cholamula lamveka pa nthawi ya UNIP, MMD, PF ndi UPND, ndipo odandaula amangosinthana mipando. Oyang'anira chisankho ochokera ku European Union ananenanso za kukonderako mu 2021. Nyumba zofalitsa nkhani zoima pazokha nazo zaonapo zakuda: nyuzipepala ya The Post inatsekedwa ndi bungwe lotolera misonkho la ZRA mu Juni 2016 pa nkhani ya misonkho, kutatsala milungu yochepa kuti chisankho chichitike, ndipo Prime TV inalandidwa chiphaso ndi bungwe loyang'anira mawailesi la IBA mu Epulo 2020, n'kudzatsegulidwanso boma litasintha mu 2021. Nyuzipepala zoima pazokha zilinso ndi eni ake, ndipo eni akewo ali ndi anzawo. M'nyengo zotere mafoni ndi amene anaonetsa dziko nkhanza za makada a zipani m'misika ndi m'masiteshoni a basi, pamene ena ankaopa kulemba.

Pamene ndikusiyana nanu ndi pa mawu akuti munthu wamba. Pansi pa nkhani iliyonse ya ndale pa Facebook mumapeza ndemanga mazana, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti amenewo ndi maganizo a dziko. Ena mwa olembawo ndi anthu enieni a ku Matero ndi ku Mandevu, koma ena ndi makada a pa intaneti opatsidwa bandulo ndi kangachepe kuti alembe, ndipo munthu mmodzi angathe kukhala ndi maakaunti ambiri. Kale ntchito imeneyi inkafuna manja ochuluka, ndipo olembawo ankagwidwa chifukwa ankabwereza mawu amodzimodzi. Lero pulogalamu ya AI ingalembe ndemanga makumi asanu zosiyana kalembedwe pa mphindi imodzi. Onjezani pamenepo mfundo yoti makampani a masambawa amapeza ndalama mwa kutsatsa malonda, choncho amakankhira patsogolo zimene zimachititsa anthu kukhalitsa pafoni, ndipo mkangano umasunga anthu kuposa lipoti la bajeti. Nkhani ya Cambridge Analytica, imene inaululika mu 2018, inaonetsa kuti zinsinsi za anthu pafupifupi 87 miliyoni a pa Facebook zinatengedwa popanda chilolezo chawo, ndipo kampani yomweyo inagwirapo ntchito pa zisankho za ku Kenya. Bwalo limene mukuliona ngati la anthu wamba lilinso ndi olilipirira.

Sindikupemphani kuti mukhulupirire mtolankhani chifukwa choti ndi mtolankhani. Muyezo wanga ndi umodzi kwa onse, kuphatikizapo magazini ino: wolembayo ali ndi dzina, ali ndi kumene angapezeke, ndipo akanama mungathe kumuimba mlandu kapena kumukakamiza kukonza? Pali anthu olemba pa Facebook m'dzina lawo lenileni amene amakwanitsa muyezo umenewu kuposa nyuzipepala zina, ndipo ndimawawerenga. Tsamba lopanda dzina la mwini, limene likagwidwa bodza limangofufuta n'kupitiriza, silinaike chilichonse pachiswe. Ndipo popeza ndinu munthu wodziwa kulemba kalata, kumbukirani kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma linasainidwa mu Disembala 2023, patapita zaka zoposa makumi awiri anthu akulimenyera. Lamulolo si la atolankhani okha.

*A Mkonzi, ndine adimini wa gulu la pa WhatsApp la anthu a ku Katete okhala mu Lusaka. Tinaliyambitsa kuti tizithandizana pa maliro ndi pa ulendo wa ku mwambo wa Achewa wa Kulamba, koma tsopano ladzaza ndale. Ena akuti malamulo atsopano angandimangitse chifukwa cha zolemba za anthu ena. Ndilitseke?*
Bambo wa ku Kaunda Square

Bambo, tiyambe ndi zimene zasintha. Mlandu wonyoza pulezidenti, umene unali m'gawo 69 la malamulo a milandu, unachotsedwa mu Disembala 2022, pa nthawi imodzi ndi chilango cha imfa. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wolankhula, choncho kudzudzula boma, nduna kapena phungu pa mtengo wa ufa, magetsi kapena misewu si mlandu. Koma malamulo ena adakalipo. Gawo 70 la malamulo a milandu limaletsa kuonetsa chidani kapena kunyoza anthu chifukwa cha mtundu wawo kapena kumene amachokera, ndipo mu 2023 khoti la ku Kasama linagamula a Chishimba Kambwili kuti akakhale kundende miyezi isanu chifukwa cha mawu amene analankhula okhudza Atonga. Milandu yoipitsa mbiri ya munthu ndi youkira boma nayo sinachoke.

Za pa intaneti, lamulo loyamba linasainidwa ndi a Lungu mu Malichi 2021, ndipo a UPND, amene panthawiyo anali otsutsa, analidzudzula kwambiri. Mu Epulo 2025 a Hichilema anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwake, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Bungwe la maloya la LAZ linadandaula kuti mawu ena m'malamulowo ndi otambalala kwambiri moti angagwiritsidwe ntchito potsekereza atolankhani ndi otsutsa, komanso kuti nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti yaikidwa pansi pa ofesi ya pulezidenti. Ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake za kumvetsera mauthenga, ndipo boma linayankha kuti palibe amene angamvetseredwe popanda chilolezo cha khoti. Maganizo anga ndi akuti lamulo lililonse limene chipani chimalida chikakhala kunja n'kulikonda chikalowa m'boma liyenera kuyang'anitsitsidwa, chifukwa mawu otambalala amaopseza anthu ambiri kuposa amene amamangidwa, ndipo kalata yanu ndi chitsanzo chake.

Musatseke gululo. Amene ali pangozi yaikulu ndi wolemba uthenga ndi woutumiza, ndipo mawu akuti ndinangolandira sachotsa dzina la munthu pa uthenga umene wautumiza yekha kwa anthu mazana awiri. Dziwaninso kuti ngakhale mauthenga a WhatsApp amayenda mobisika pakati pa mafoni, nthawi zambiri amafika kupolisi chifukwa membala wina wa gulu lomwelo wajambula sikirini. Udindo wanu ndi kuonetsa kuti simunalekerere. Lembani malamulo ochepa pamalo ofotokozera gulu: kutukwana mtundu wa anthu ayi, kuneneza munthu mlandu popanda umboni ayi, ndipo wotumiza uthenga wamawu kapena vidiyo ya ndale anene kumene waitenga. WhatsApp imalola adimini kufufuta uthenga wa membala kuti uchoke kwa onse, choncho gwiritsani ntchito mphamvuyo mosakondera chipani, ndipo muuzeni mwiniwake mwaulemu kumbali chifukwa chake, makamaka ngati ndi wamkulu kwa inu. Ngati mwaitanidwa kupolisi pa nkhani yotere, pitani ndi loya, ndipo ngati mulibe ndalama funsani ku Legal Aid Board.

Ngati mikangano ikukwirira mauthenga a maliro, tsegulani gulu lachiwiri la ndale, alowemo ofuna, ndipo musankhe maadimini awiri a zipani zosiyana. Gulu loyambalo lisungeni pa ntchito yake, chifukwa Kulamba kumachitika kumapeto kwa Ogasiti, patangopita milungu iwiri chichitikireni chisankho, ndipo mudzafunika mndandanda wa okwera basi ya ku Mkaika ndi zopereka zawo nthawi isanathe.